Sindinamumenyepo, Ndinkangoseka Basi

Mwezi watha mnzathu wina anaponya chithunzi chakale pa gulupu ya WhatsApp ya amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale. Chinali cha Sitandade 6, chojambulidwa pansi pa mtengo wa mango, ena titagwada, ena titaima, mayunifolomu atatuwa ndi fumbi. Gulupu yonse inadzuka. Uyu akuti taonani mutu wa ujeni, uyo akuti koma miyendo iyi inali yangadi? Kenako wina anazunguliza nkhope ya mnyamata amene anaima kumapeto kwenikweni kwa mzere, motalikirana pang'ono ndi tonsefe, n'kufunsa kuti, "Koma uyu paja ndi ndani?"

Yankho silinachedwe. Anthu atatu analemba dzina limodzi, dzina lachipongwe lija tinamupatsa, ndipo pansi pake panatsatira timaemoji toseka mpaka misozi. Nanenso chala chinali chitafika kale pa kaemoji komweko. Ndinaima kaye. Ndinayesa kukumbukira dzina lake lenileni, limene anamupatsa makolo ake, ndipo linandibwerera madzulo ndikutsuka mbale.

Dzina lachipongwelo sindilibwereza pano. Tinalitchula mokwanira.

Mnyamatayu anabwera pasukulu pathu chaka chili pakati, ndipo anali ndi chibwibwi. Tsiku lake loyamba aphunzitsi anamuimika kuti awerenge ndime ya Chichewa, ndipo anakakamira pa liwu limodzi kwa nthawi ndithu. Aphunzitsi atangotuluka, mnzathu wina anaimirira n'kuyamba kumuyerekezera, akugwedeza mutu ndi kutsinzina ngati mmene ankachitira iye. Kalasi yonse inafa nalo phwete.

Kuyambira pamenepo zinakhala za tsiku ndi tsiku: pa buleki, pa mzere wa phala, pobwerera kunyumba. Amene ankatsogolera sanali chimphona, komanso sanali mbuli. Anali katswiri wa mpira, masamu ankakhoza, aphunzitsi ankamukonda, ndipo aliyense ankafuna kukhala mu timu yake. Anali ndi anzake awiri amene ankamulanda mnyamata uja kope kapena kumutsekera njira. Enafe tinkangoseka. Ine sindinamumenyepo, sindinamulandepo kanthu, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikudziona ngati munthu amene nkhaniyi sinamukhudze. Teremu yachitatu mnyamata uja sanabwerenso. Palibe amene anafunsa.

Sabata yomweyo ya chithunzi ndinali ndikuwerenga ntchito ya Christina Salmivalli, pulofesa wa zamaganizo pa yunivesite ya Turku ku Finland, amene wathera zaka pafupifupi 30 akufufuza mmene ana amakhalira ndi anzawo kusukulu. Ndinapeza kuti anthu ngati ine, oseka aja, iye anatilemba kale m'kafukufuku wake mu 1996, ndipo malo amene anatiika si abwino kwenikweni.

Kupezerera si ndewu wamba

Tisanafike kwa Salmivalli, tiyambe ndi munthu amene anatsegula njira. Dan Olweus anabadwira ku Sweden mu 1931 ndipo anagwira ntchito zaka zambiri pa yunivesite ya Bergen ku Norway. Anayamba kufufuza za kupezererana kwa ana asukulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, nthawi imene akuluakulu ambiri ankangoti n'zachibwana, zimatha zokha. Maganizo amenewo anagwedezeka mu 1982, pamene anyamata atatu azaka zapakati pa 10 ndi 14 anadzipha kumpoto kwa Norway atavutitsidwa kwambiri ndi anzawo. Chaka chotsatira boma la dzikolo linayambitsa kampeni m'sukulu zonse, ndipo Olweus anali patsogolo pa ntchitoyo.

Iye ndi amene anapereka tanthauzo limene akatswiri ambiri akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Kuti tinene kuti mwana akupezereredwa, pamakhala zinthu zitatu. Choyamba, zimachitika mwadala. Chachiwiri, zimachitika mobwerezabwereza. Chachitatu, mphamvu sizikhala zofanana, moti wochitiridwayo zimamuvuta kudziteteza.

Chachitatuchi ndi chimene timachiphonya. Ana awiri amsinkhu umodzi akamenyana chifukwa cha mpira, imeneyo ndi ndewu. Mawa lake mudzawapeza akugawana chitumbuwa. Anzanu akamakuserewulani inu n'kumabweza, nonse n'kumaseka, imeneyo ndi nthabwala. Koma pamene woseka ali mbali imodzi yokha, tsiku ndi tsiku munthu wake yemweyemweyo, pamenepo nkhani yasintha. Ndipo mphamvu imene ikunenedwa pano si ya zibakera zokha. Ikhoza kukhala yoti wina ali ndi anzake ambiri, ali ndi pakamwa pakuthwa, kwawo kuli ndalama, kapena aphunzitsi amamukhulupirira. Kupezerera kwina kulibe n'komwe phokoso: kumusala mwana pamasewera, kusuntha iye akakhala pafupi, kumufalitsira mabodza.

Vutoli si la ku Ulaya kokha. Lipoti la UNESCO la mu 2019 linasonyeza kuti padziko lonse, pafupifupi mwana wasukulu mmodzi mwa atatu alionse anali atapezereredwa kamodzi kapena kuposerapo m'mwezi umodzi wokha. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kumene kuli kwathu kuno, chiwerengerocho chinali 48 pa ana 100 alionse, chokwera kuposa zigawo zina zonse.

Kalasi yonse ili ndi mbali

Kwa nthawi yaitali ofufuza ankayang'ana anthu awiri okha, wopezerera ndi wopezereredwa. Salmivalli anafunsa funso lina: nanga ana ena onse aja amakhala akutani?

Iye ndi anzake anafunsa ana 573 a giredi 6 ku Finland, azaka 12 ndi 13. Mwana aliyense anauzidwa kuti afotokoze zimene iye amachita wina akamavutitsidwa, komanso zimene mnzake aliyense wa m'kalasimo amachita. Njirayi inali yanzeru, chifukwa munthu podzifotokoza yekha amadzikometsera, koma anzake 20 akanena zofanana za iye, kukana kumavuta.

Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1996, zinasonyeza kuti ana pafupifupi 87 pa 100 alionse anali ndi mbali yodziwika bwino. Kupatula wopezerera ndi wopezereredwa, panapezeka magulu ena anayi.

Pali othandizira. Awa sayambitsa, koma mtsogoleri akayamba amalowerera, monga anyamata awiri olanda kope aja.

Pali ochemerera. Awa sakhudza munthu. Amangobwera kudzaonerera, amaseka, amaitana ena kuti bwerani mudzaone. Ili ndiye linali gulu langa.

Pali odzipatula. Akaona zayambika amachokapo kapena amayang'ana kumbali, ati asaputidwe nawo.

Ndipo pali oikira kumbuyo, amene amaletsa, amakauza aphunzitsi, kapena amakamutonthoza mnzawoyo zikatha.

Opezerera enieni anali ochepa, osafika 10 pa 100 alionse. Ochemerera anali ochuluka kuposa kuwirikiza kawiri chiwerengero chimenecho, ndipo odzipatula ndiwo anali gulu lalikulu kuposa onse. Oikira kumbuyo sanafike mmodzi mwa ana asanu alionse. Anyamata ankapezeka kwambiri m'magulu a opezerera, othandizira ndi ochemerera, pamene atsikana ankapezeka kwambiri mwa odzipatula ndi oikira kumbuyo.

Nditawerenga zimenezi ndinatsegulanso chithunzi chija n'kuyamba kuyang'ana nkhope imodziimodzi. Pafupifupi aliyense ndinamupezera gulu lake popanda kuvutika. Tonse tinkadziwa zimene zinkachitika, ndipo aliyense anali ndi pamene ankaima.

Malipiro ake ndi chiseko chathu

Ambirife tinakula tikumva kuti mwana wovutitsa anzake ndiye kuti kwawo kuli mavuto, kapena amadziderera. Ena amakhaladi otero. Koma Salmivalli ndi ofufuza ena apeza kuti ambiri mwa opezerera amakhala akufuna chinthu chimodzi: kutchuka ndi kuopedwa pagulu. Ndipo nthawi zambiri zimawayendera. Anzawo sawakonda kwenikweni, koma amawaona ngati madolo, anthu oti ukhale nawo mbali imodzi.

N'chifukwa chake sasankha munthu mwachisawawa. Amasankha amene alibe womuikira kumbuyo: wachilendo, wamanyazi, wolankhula mosiyana ndi ena, wolumala, wosauka kwambiri, kapena wina aliyense amene akamuputa palibe angadandaule. N'chifukwa chakenso sachitira kumbali. Munthu wofuna kutchuka amafuna anthu omuona.

Ku Canada, Debra Pepler ndi Wendy Craig anajambula ana pa vidiyo akusewera pabwalo la sukulu mumzinda wa Toronto, anawo atavala timaikolofoni ting'onoting'ono. Anapeza kuti pa nthawi zoposa 8 mwa 10 zilizonse pamene mwana ankapezereredwa, anzake analipo. Nthawi zambiri ankangoonerera. Koma wina akalowererapo kuti aletse, pa maulendo 57 mwa 100 alionse zinkatha pasanadutse masekondi 10. Masekondi 10 okha, nthawi yochepa kuposa imene mumatenga posankha sitika yoti mutumize.

Pambuyo pake gulu la Salmivalli linayerekezera makalasi ambirimbiri ku Finland n'kupeza zogwirizana ndi zomwezi. M'makalasi mmene ana ambiri ankachemerera, kupezererana kunkachitika kawirikawiri. Mmene munali oikira kumbuyo ambiri, kunkachepa. Izi zikutanthauza kuti mwana yemweyo wachibwibwi akhoza kuzunzika m'kalasi ina, n'kukhala mwamtendere m'kalasi ina. Vuto silikhala chibwibwi chake, koma zimene kalasi yalola.

Nanga bwanji ana ambiri amakhala chete, chikhalirecho akafunsidwa payekhapayekha amanena kuti kupezerera n'koipa? China ndi mantha: ukamuikira kumbuyo, mawa akutembenukira iweyo. China n'chakuti aliyense amadikira kuti wina ayambe. Koma pali chinanso chimene chinandikhudza kwambiri. Mwana aliyense amayang'ana anzake, amaona akuseka kapena ali phee, n'kuganiza kuti ndi iye yekha amene zikumunyansa. Anzakewo nawonso akumuyang'ana iye n'kumaganiza chimodzimodzi. Mapeto ake kalasi yonse ikuchemerera chinthu chimene ambiri mumtima sakugwirizana nacho.

Ndikukumbukira kuti masiku ena chiseko changa chinali chokakamiza. Ndinkaseka kwinaku ndikuyang'ana ngati mtsogoleri uja wandiona kuti ndaseka.

KiVa: kusintha oonerera

Mu 2006 unduna wa zamaphunziro ku Finland unapempha yunivesite ya Turku kuti ikonze pulogalamu yothana ndi vutoli m'sukulu za dzikolo. Salmivalli anatsogolera ntchitoyi limodzi ndi Elisa Poskiparta. Anaitcha KiVa, chidule cha mawu a chinenero cha kumeneko otanthauza kulimbana ndi kupezerera. Liwu lomwelo lakuti kiva limatanthauzanso chinthu chabwino kapena chosangalatsa.

Maganizo ake ndi osavuta kumva. M'malo moyesa kusintha wopezereredwa kuti akhale wolimba, kapena kungodalira chilango kwa wopezerera, sinthani oonerera. Chiseko chikasowa, malipiro asowa.

Pulogalamuyi ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi ya ana onse. Pamakhala maphunziro a m'kalasi chaka chonse, okhala ndi zokambirana, timasewero ndi mavidiyo, pamene ana amaphunzira kuzindikira mbali imene iwo eni amatenga ndi kuyeserera zimene anganene kapena kuchita. Pali masewera a pa kompyuta oyesereramo zomwezo, kabuku ka makolo, ndipo aphunzitsi oyang'anira pa buleki amavala majekete owala kuti aliyense aone kuti wamkulu alipo.

Mbali yachiwiri imagwira ntchito nkhani ikapezeka. Sukulu iliyonse imakhala ndi kagulu ka aphunzitsi kapena ogwira ntchito, kawirikawiri atatu. Amayamba kulankhula ndi wopezereredwa payekha. Kenako amaitana opezerera mmodzimmodzi, n'kugwirizana nawo chimene asinthe. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri amakumananso ndi onse kuti aone ngati zasiyadi. Pa nthawi yomweyo mphunzitsi wa kalasiyo amaitana ana angapo amene anzawo amawalemekeza, n'kuwapempha mwakachetechete kuti amuyandikire mnzawoyo: kukhala naye pa buleki, kumusankha mu timu, kuyenda naye.

KiVa inayesedwa kuyambira 2007 mpaka 2009 m'sukulu 234. Sukulu zina zinalandira pulogalamuyi, zina zinapitiriza mmene zinkachitira kale, ndipo zinasankhidwa mwamaere kuti kuyerekezerako kukhale kwachilungamo. M'sukulu za KiVa kupezererana kunatsika, makamaka mwa ana azaka 10 mpaka 12, ndipo kuchemerera kunachepa. Kuyambira 2009 pulogalamuyi inafalikira dziko lonse, mpaka sukulu pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zinalembetsa. Lero ikugwiritsidwanso ntchito m'maiko monga Netherlands, Italy, Estonia, Chile ndi New Zealand.

Pokambirana ndi opezerera, ofufuzawa anapeza chinthu chothandiza kwa kholo lililonse. Kumuthandiza mwana kuona mmene mnzake akumvera, komanso kumuuza mosapita m'mbali kuti khalidwe limeneli silololedwa, kunkamupatsa mtima wofuna kusintha. Kumunena iyeyo kuti ndi mwana woipa sikunkathandiza.

Si mankhwala ochiza zonse

Chimene ndinakonda pa ntchito ya Salmivalli n'chakuti sabisa pamene zikuvuta. Kwa ana okulirapo, a msinkhu wa kusekondale, zotsatira zinali zochepa. Opezerera otchuka kwambiri, ngati katswiri wathu wa mpira uja, ndi amene ankavuta kwambiri kusintha, chifukwa ndi amene amapindula kwambiri. Kunja kwa Finland zotsatira zakhala zosiyanasiyana. Ku Italy ndi ku Netherlands zinaoneka bwino, pamene kafukufuku wina ku Wales sanapeze kusintha koonekeratu.

Palinso china chomvetsa chisoni. M'makalasi mmene kupezererana kwatsika kwambiri, ana ochepa amene akuvutitsidwabe amavutika mumtima kuposa kale. Pamene ozunzidwa anali ambiri, mwana ankatha kunena kuti kalasi ino ndi yoipa. Akatsala yekha amayamba kuganiza kuti ndiye kuti vuto ndine. Choncho sukulu ikamanyadira kuti kwathu kuno zimenezi zinatha, m'pamene iyenera kuyang'anitsitsa mwana mmodzi wotsala uja.

Koma pali nkhani yolimbikitsa. Kafukufuku wina wa gulu lomweli anapeza kuti ana opezereredwa amene anali ndi mnzawo ngakhale mmodzi yekha wowaikira kumbuyo ankadziona kuti ndi ofunika kuposa amene analibe aliyense. Akuluakulu ananena kale kuti kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ku Finland anachita kuziyeza ndi manambala, koma nkhani yake ndi yomweyo.

Nanga kwathu kuno?

Sitingatenge KiVa n'kuiika mmene ilili pasukulu ya kwathu. M'kalasi mwathu muja tinalimo oposa 90, mphunzitsi mmodzi, kompyuta tinkangoiona pa chithunzi cha m'buku. Madamu athu sakanatha kuona zonse ngakhale akanafuna. Koma mwina n'chifukwa chake maganizo a Salmivalli ali ofunika kwambiri kuno. Pamene maso a mphunzitsi sangafike, maso a ana 90 amafika.

Tilinso ndi mwambo wathu wa teasing m'sukulu zogonera komweko. Amene tinadutsako tikudziwa: wa Fomu 1 kuchapira akuluakulu, kulandidwa shuga ndi chiponde, kudzutsidwa usiku kuti avine popanda nyimbo. Tikakumana lero timazikamba ngati nthabwala, n'kumati zinatilimbitsa mtima. Koma amene amakamba choncho ndi amene anapulumuka bwino. Amene anasiya sukulu kapena kusamuka sabwera kumapwando a ma alumni kudzatiuza mbali yawo.

Ku Britain ofufuza a ku King's College London anatsatira anthu oposa 7,000 obadwa mu 1958. Makolo awo anali atafunsidwa, anawo ali ndi zaka 7 komanso 11, ngati ankapezereredwa. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2014 zinasonyeza kuti pofika zaka 45 mpaka 50, amene ankapezereredwa ali ana anali pachiopsezo chachikulu cha matenda a nkhawa, kukhumudwa kwambiri ndi maganizo ofuna kudzipha kuposa anzawo. Zaka 40 zitadutsa, bala linali lisanapole.

Ndiye pali foni. Kale mwana akaweruka ankapuma mpaka mawa. Lero kalasi imamutsatira mpaka pa mphasa, kudzera pa gulupu, pa sitetasi, pa TikTok. Ofufuza, kuphatikizapo Olweus ndi Salmivalli, anapeza kuti ana ambiri ovutitsidwa pa intaneti ndi omwewo amene akuvutitsidwanso pamaso m'pamaso. Ndipo magulu anayi aja onse alipo pa foni. Wotumiza sikirinishoti kwa ena ndi wothandizira. Woika kaemoji koseka ndi wochemerera. Wowerenga n'kungodutsa ndi wodzipatula. Izi sizikukhudza ana okha. Tangoganizani za gulupu ya kuntchito kwanu, kapena ya ku koleji, kapena zimene zimachitika pa Facebook munthu akalakwitsa Chingerezi.

Zimene ife akuluakulu atsopano tingachite

Ambirife amene tikuwerenga pano ndife achimwene, achemwali, amalume, azakhali, ena ndife makolo a ana a ku nazale, ena tangoyamba kumene uphunzitsi. Ana amatiuza zinthu zimene sangawauze bambo awo. Mwayi umenewo tisausewerese.

Choyamba, sinthani funso. Mukafunsa mwana kuti, "Alipo amene amakuvutitsa?" kawirikawiri amati ayi, chifukwa cha manyazi kapena mantha oti mukapita kusukulu zikaipiraipira. Ine ndinayesa funso lina kwa mwana wa achemwali anga, amene ali Sitandade 5. Ndinati, "Kodi m'kalasi mwanu ndi ndani amene amakhala yekha pa buleki?" Sanaganize n'komwe. Anatchula dzina pompo. Nditafunsa chifukwa, anati, "Amalume, amene uja amanunkha utsi, ndiye anthu amathawa akabwera." Ndinafunsa kuti, "Nanga iweyo umatani?" Anayang'ana pansi n'kuti, "Ine sindimunena. Ndimangosuntha." Ana amadziwa zonse. Timangolephera kuwafunsa bwino.

Chachiwiri, musamuuze mwana kuti akhale ngwazi. Si mwana aliyense angaime pamaso pa dolo wa kalasi n'kunena kuti siya, ndipo nthawi zina kutero n'koopsa. Koma pali zing'onozing'ono zimene aliyense angathe: kusaseka, kuchokapo n'kukaitana wamkulu, kukhala pafupi ndi mnzakeyo zikatha, kumuuza kuti zimene anakuchita zija sizabwino. Akapangana awiri kapena atatu zimapepuka. Muuzeninso kusiyana kwa kuneneza mnzako kuti alangidwe ndi kunena kuti wina athandizidwe.

Chachitatu, mwana wanu akakhala wopezereredwa, mawu oti "nawenso uzibwezera" amamveka olimbikitsa koma amamusiya yekha. Akanatha kubweza, bwenzi atabweza kale. Mumvetsereni mpaka amalize, muuzeni kuti si kulakwa kwake, ndipo gwirizanani naye musanapite kusukulu. Lembani masiku ndi zimene zinachitika, sungani masikirinishoti. Mukakumana ndi aphunzitsi kapena ahedi, musangovomera kuti tiwalanga. Pemphani tsiku loti mudzabwerenso kudzaona ngati zasiya. Zikakanika pali komiti ya makolo ndi aphunzitsi, pali Mother Group, ndipo ku Malawi kuno pali nambala yaulere yothandiza ana ya 116. Zizindikiro zoti muziyang'ana ndi monga kudwaladwala m'mimba kapena mutu m'mawa wa tsiku la sukulu, makope ong'ambika, ndalama zosowa, kutsika kwa magiredi, ndi kusintha nkhope akangoyang'ana pa foni. Mwana akayamba kulankhula zofuna kufa, musadikire. Pitani naye kuchipatala kapena kwa mlangizi tsiku lomwelo, ndipo asakhale yekha.

Chachinayi, konzekerani kumva kuti wovutitsa anzakeyo ndi wanu. Akhoza kukhala mwana waulemu kunyumba, wokhoza bwino, wokondedwa kutchalitchi kapena kumadrasa. Kumukwapula kumangomuphunzitsa kuti wamphamvu amachita zimene akufuna, phunziro limene analidziwa kale. Muuzeni momveka kuti zimenezi zithe, mufunseni kuti akuganiza kuti mnzakeyo amamva bwanji akamadzuka m'mawa kupita kusukulu, ndipo pakapita masiku mufunsenso.

Dzina lake lenileni

Usiku wa tsiku la chithunzi lija ndinabwerera pa gulupu. Ndinalemba dzina lake lenileni, n'kuwonjezera kuti, "Anzanga, zimene tinkamuchita mnyamata ameneyu sizinali bwino. Inenso ndinali momwemo." Gulupu imene inali pa moto masana onse inangoti zii. Patapita nthawi wina anayankha kuti, "Aise, zaubwana izo, usatiyambitse maliro pano." Wina anaika kachala kovomereza. Mtsogoleri uja anawerenga, sanayankhe.

Mawa lake ndinalandira uthenga kumbali kuchokera kwa mtsikana wina amene m'kalasi muja sankamveka n'komwe mawu ake. Anandiuza kuti pa buleki ankapita kuseri kwa kalasi kukakhala naye, n'kumagawana chinangwa chimene amayi ake ankamupatsira. Chaka chonse chija ine sindinaonepo zimenezo. Maso anga anali kwa mtsogoleri. Anandiuzanso kuti mnyamata uja anapita kukakhala kwa agogo ake n'kupitiriza sukulu kumeneko, ndipo mpaka lero amalemberana.

Ndinapempha nambala. Anayamba wamufunsa mwini wake, kenako ananditumizira, n'kundichenjeza kuti, "Usamuimbire, amakonda mameseji."

Uthengawo ndinaulemba n'kuufufuta kanayi. Koyamba ndinapezeka ndikufotokoza kuti ine sindinali mmodzi wa omenya aja. Ndinachotsa chiganizo chimenecho. Womaliza unali waufupi: dzina lake, dzina langa, kalasi imene tinali, ndi kuti ndinkaseka nawo ndipo ndikupepesa.

Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu Lachinayi madzulo. Mpaka pamene ndikulemba pano sanayankhe, ndipo ali ndi ufulu wonse wosayankha. Loweruka likubwerali ndikupita kwa achemwali anga. Mwana wawo anandilonjeza kuti sabata ino sasuntha mnzake uja akabwera kudzakhala pafupi, ndipo ndikufuna ndikamve mmene zinayendera.